Ndani anayamba kuwerenga manja a atomu? Mkangano wa valency ndi mamendulo a ku London

Aliyense amene anadutsa ku sekondale akukumbukira tsiku limene aphunzitsi a sayansi analemba kandandanda pabolodi: haidrojeni 1, okosijeni 2, naitirojeni 3, kaboni 4. Amvekere zimenezi ndi valency, lowezani, zidzabwera pamayeso. Tinaloweza ndithu, n'kumapingasa manambala aja kuti tipeze fomyula ya madzi kapena ya mchere, osafunsa n'komwe kuti anazitulukira ndani. Funsolo likuoneka lachibwana, koma linadanitsa akatswiri akuluakulu a kemisitiri ku Ulaya kwa zaka zoposa 40. Makalata anayenda pakati pa London, Paris, Leipzig ndi Bonn, mabungwe a sayansi anavutika kuti mendulo aipereke kwa yani, ndipo mnyamata wina wa ku Scotland anasokonekera moyo wonse chifukwa pepala lake linachedwa ndi milungu yochepa chabe.

Tiyambe ndi chinthucho. Valency ndi chiwerengero cha maatomu ena amene atomu imodzi ingathe kugwirana nawo. Njira yapafupi yoimvera ndi kuganiza za manja. Haidrojeni ili ndi dzanja limodzi. Okosijeni ili ndi awiri, n'chifukwa chake imagwira mahaidrojeni awiri n'kupanga madzi, H2O. Naitirojeni imagwira atatu mu amoniya, NH3. Kaboni imagwira anayi mu mpweya wa methane, CH4, uja timaupeza tikavunditsa ndowe mu thanki ya bayogasi. Lero mwana wa Fomu 2 amaona ngati nkhaniyi ndi yodziwikiratu. Koma cha m'ma 1850 panalibe amene anaionapo atomu, ambiri ankakayika ngati ilipodi, ndipo akatswiri sankagwirizana ngakhale pa fomyula ya madzi. Kunena kuti atomu iliyonse ili ndi malire a zimene ingagwire kunali kunena chinthu chachikulu.

Lawi la ku Marburg

Edward Frankland anabadwa mu 1825 pafupi ndi Lancaster ku England. Anali mwana wobadwa kunja kwa ukwati, chinthu chimene anachibisa moyo wake wonse, ndipo unyamata wake anauthera mu shopu ya mankhwala, akusinja ndi kunyamula katundu. Atapita ku London anapeza ntchito mu labotale ya Lyon Playfair, ndipo kumeneko anakumana ndi Mjeremani wina dzina lake Hermann Kolbe. Dzinali mulisunge, libweranso. Kolbe ndi amene anamutengera ku Marburg, kwa Robert Bunsen, mwini wake wa kachitofu ka gasi kaja kali mu labotale ya sukulu iliyonse.

Chimene Frankland ankafuna sichinali valency ayi. Ankafuna kupatula kagulu ka maatomu kotchedwa ethyl kuti kakhale pakokha. Mu 1849 anatsekera ethyl iodide ndi zinki mu chubu chagalasi n'kuwotcha. Mpweya unatulukadi, iye n'kukhulupirira kuti waipeza ethyl ija, pamene lero tikudziwa kuti unali butane, magulu awiri a ethyl atalumikizana. Koma atachita chimodzimodzi ndi methyl iodide, pofuna kupatula methyl, kagulu kena konga ethyl, m'chubu munatsala zinthu zina. Atathiramo madzi pang'ono, lawi lobiriwira linalakatika kutalika mapazi angapo, labotale yonse n'kudzaza fungo. Bunsen, amene anali ataonongeka kale diso limodzi ndi mankhwala a arsenic otchedwa cacodyl, anachita nazo mantha. Zotsalira zija zinali zinki yogwirana ndi magulu a kaboni ndi haidrojeni, mtundu wa mankhwala umene unali usanadziwike bwino, woyaka wokha ukangokhudza mpweya.

Frankland anapitiriza ndi zitsulo zina monga tini ndi mekyule, ndipo anaona chinthu chobwerezabwereza. Chitsulo chikagwira gulu limodzi la ethyl kapena methyl, mphamvu yake yogwira okosijeni imachepa ndi malo amodzi. Zinali ngati basi ya mipando yowerengeka: wina akakhala, mpando umodzi watha, kaya wokhalayo ndi ndani. Mu 1852, ali pulofesa woyamba wa kemisitiri pa Owens College ku Manchester, anatumiza pepala ku Royal Society, bungwe la asayansi la ku London. Chakumapeto kwa pepalalo analemba kuti naitirojeni, fosiforasi, arsenic ndi antimony zimakonda kugwira maatomu ena atatu kapena asanu, ndipo mphamvu yogwirayo, imene anaitcha combining power, imakhutitsidwa nthawi zonse ndi chiwerengero chimodzimodzi cha maatomu, posatengera mtundu wawo. Pepalalo linasindikizidwa m'magazini ya bungwelo, Philosophical Transactions, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chijeremani mu Annalen, magazini imene katswiri aliyense wa kemisitiri ku Germany ankawerenga.

Mukawerenga mawu amenewo lero, mlandu ukuoneka wotha. Koma pali kachilema kamene adani ake anadzagwirapo.

Sikelo yolakwika

Nthawi imeneyo panali njira zingapo zowerengera kulemera kwa maatomu. Frankland, monga anzake ambiri, ankagwiritsa ntchito njira imene inkapatsa okosijeni kulemera kwa 8 ndi kaboni 6, m'malo mwa 16 ndi 12. Ukawerenga motero, madzi amakhala HO: haidrojeni imodzi, okosijeni imodzi. Ndiye kuti okosijeni ikuoneka ya dzanja limodzi, chimodzimodzi haidrojeni ndi kolorini. N'chifukwa chake pamndandanda wa Frankland, NH3 ndi NO3 zili pamzere umodzi ngati zitsanzo za naitirojeni yogwira atatu.

Kachilemaka si kakang'ono. Atomu ya dzanja limodzi ikagwira inzake, yatha ntchito. Ya manja awiri imatha kugwira uku ndi uku n'kukhala mlatho pakati pa magulu awiri. Popanda kuona zimenezo, sungafike pa lingaliro lakuti maatomu amalumikizana n'kupanga unyolo. Amene anayamba kuona mlathowo anali Alexander Williamson wa ku University College London, pa kafukufuku wake wa ether wa mu 1850 ndi 1851, potsatira kawerengedwe ka Afalansa awiri, Charles Gerhardt ndi Auguste Laurent. Williamson anasonyeza kuti okosijeni imodzi ndi imene imamanga pamodzi zidutswa ziwiri m'madzi, mu mowa ndi mu ether. Mnzake William Odling anayamba kuika timizere pamwamba pa zilembo za maatomu, kamodzi pa haidrojeni, tiwiri pa okosijeni, posonyeza mphamvu ya iliyonse. Choncho mumzinda umodzi womwewo, zaka zomwezo, panali njira ziwiri zolowera kumalo amodzi, ndipo oyenda m'njirazo sankalankhula chinenero chimodzi cha manambala. Chisokonezo cha masikelochi chinayamba kutha pambuyo pa msonkhano wa ku Karlsruhe mu 1860, kumene kabuku ka Stanislao Cannizzaro wa ku Italy kanagawidwa kwa nthumwi.

August Kekulé analowa kudzera njira yachiwiriyo. Anabadwira ku Darmstadt mu 1829, n'kupita ku yunivesite ya Giessen kukaphunzira zomangamanga, koma atamva Justus Liebig akuphunzitsa kemisitiri anasintha maganizo. Anakhalako ku Paris, kumene anapalana ubwenzi ndi Gerhardt, kenako anagwira ntchito ku London pa chipatala cha St Bartholomew's mpaka 1855, akucheza kwambiri ndi Williamson ndi Odling. Mu 1857, ali ku Heidelberg, analemba kuti kaboni imagwira maatomu anayi. Mu May 1858 anatulutsa mu Annalen pepala limene linasintha zonse: kaboni ya manja anayi ikhoza kugwiritsa ntchito ena mwa manjawo kugwira kaboni inzake, inzakeyo n'kugwira ina, mpaka unyolo. Pamenepo m'pamene panachokera kafotokozedwe ka mafuta, shuga, mowa, petulo, ndi pafupifupi chilichonse chimene thupi lamoyo limapanga.

Kekulé sanali munthu wogawana ulemu mosavuta. Mu 1864, m'nkhani imene anatumiza ku Académie des Sciences, bungwe la asayansi la ku Paris, ananena kuti, ngati sakulakwa, iye ndi amene anabweretsa mu kemisitiri lingaliro lakuti atomu ya mtundu uliwonse ili ndi chiwerengero chake chogwirira. Kwa iye, zimene Frankland analemba mu 1852 zinali nkhani ya kayezedwe kakale, osati ya maatomu enieni. Frankland anamva kuwawa, ndipo mu 1877, posonkhanitsa kafukufuku wake yense m'buku limodzi lalikulu, anakumbutsa owerenga kuti chiyambi cha chiphunzitsochi chinali m'pepala lake lija.

Wopanda womulowetsa pakhomo

Pamene akuluakulu awiriwa ankakokana, panali wachitatu amene aliyense anamuiwala. Archibald Scott Couper anabadwa mu 1831 ku Kirkintilloch, pafupi ndi Glasgow, m'banja la mwini fakitale yoluka nsalu. Anayamba ndi filosofi ndi zinenero, kemisitiri anailowa mochedwa, ndipo mwina n'chifukwa chake sankaopa kutsutsa ziphunzitso zimene ena ankazilemekeza. Kumayambiriro kwa 1858, akugwira ntchito mu labotale ya Adolphe Wurtz ku Paris, analemba pepala lonena zinthu ziwiri zomwe zija: kaboni imagwira anayi, ndipo imagwirana yokhayokha. Anapitirira pamenepo. Anajambula mafomyula okhala ndi timizere tolumikiza atomu ndi atomu, ofanana kwambiri ndi amene timalemba m'makope lero, chinthu chimene Kekulé m'pepala lake sanachite.

Apa m'pamene malamulo a bungwe analowerera. Kuti pepala liwerengedwe ku Académie des Sciences n'kusindikizidwa m'magazini yake ya mlungu ndi mlungu, Comptes rendus, pankafunika membala woti alipereke. Couper anali mlendo, wazaka 27, wosadziwika. Anapereka pepalalo kwa abwana ake a Wurtz. Koma Wurtz nayenso sanali membala pa nthawiyo, analowa mu 1867. Anafunika kukapempha wina, ndipo nkhaniyo inazengereza. Masiku akupita, pepala la Kekulé linatuluka ku Germany mu May. La Couper linawerengedwa pa 14 June 1858, atalipereka membala wina, Jean-Baptiste Dumas.

Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Awiriwa anayambira limodzi osadziwana, koma mmodzi anali ndi magazini yomulandira mwachindunji, winayo anaima pakhomo kudikira womulowetsa. Couper anapsa mtima n'kukamulalatira Wurtz, ndipo Wurtz anamuthamangitsa mu labotale. Kekulé naye sanachedwe. Analembera Académie kalata yonena kuti mfundozo anaziyamba ndi iye, kalatayo n'kusindikizidwa chaka chomwecho. Chaka chomwechonso anapatsidwa upulofesa ku Ghent, m'dziko la Belgium.

Couper anabwerera kwawo n'kupeza ntchito yothandizira Playfair ku Edinburgh, Playfair yemwe uja analembapo Frankland ntchito. Sipanapite miyezi yambiri, mu 1859, anadwala matenda a maganizo. Sanasindikizenso kalikonse. Anakhala zaka zoposa 30 ku Kirkintilloch, mayi ake akumusamala, mpaka anamwalira mu 1892. Sitinganene kuti kuchedwa kwa pepala kokha ndiko kunamudwalitsa, pakuti thanzi lake linali lofooka kale. Koma ine ndimaona kuti pa anthu onse a m'nkhaniyi, iye yekha ndi amene anali ndi chifukwa chenicheni chodandaulira, ndipo ndi iye yekha amene sanapeze mpata wodandaula.

Bwenzi lovuta la ku Leipzig

Tibwerere kwa Kolbe, amene pambuyo pake anakhala pulofesa ku Leipzig. Ubwenzi wake ndi Frankland unakhala zaka pafupifupi 40, wa makalata ambiri, koma unali ndi minga yake. Mu 1857 munatuluka mu Annalen pepala lofotokoza kapangidwe ka maasidi a kaboni, lomangidwa pa maganizo amene awiriwa anagawana. Mkati mwake munali mawu akuti "ife", koma pamwamba panali dzina la Kolbe lokha. Frankland sanasangalale nazo. Chodabwitsa n'chakuti Kolbe poyamba sanafune n'komwe kulandira lingaliro la Frankland la 1852, chifukwa linkagwetsa chiphunzitso chimene iye ankachikonda.

Atakalamba, Kolbe anasanduka wolusa. Kuyambira 1870 anali mkonzi wa magazini ya Journal für praktische Chemie, ndipo anaisandutsa bwalo lokalipirapo aliyense wojambula maatomu olumikizana ndi timizere. Kwa iye zimenezo zinali zoseweretsa za papepala, osati sayansi. Mu 1877, mnyamata wa ku Netherlands Jacobus van 't Hoff atanena kuti manja anayi a kaboni amaloza kumakona anayi a tetrahedron, chinthu chonga piramidi ya nsonga zinayi, Kolbe anamunyoza kuti wakwera hatchi yamapiko ya m'nthano za Agiriki, yobwereka kusukulu ya madokotala a ziweto kumene mnyamatayo ankaphunzitsa. Van 't Hoff yemweyo ndi amene anadzalandira mphoto yoyamba ya Nobel ya kemisitiri mu 1901.

Mdani wamkulu wa Kolbe anali Kekulé. Mu 1881 Kolbe anasindikiza nkhani zotsatizana zofotokoza gawo lake pa kukula kwa kemisitiri, ndipo m'menemo anaumirira kuti valency ndi ya Frankland, kuti manja anayi a kaboni anali kale m'ntchito ya iye ndi Frankland, ndipo Kekulé anangokolola m'munda wa eni. Taganizani mmene Frankland anakhalira. Womuikira kumbuyo mokweza kuposa onse anali munthu amene ankakana chiphunzitso chimene Frankland mwiniyo anali atachilandira kale, pakuti mu 1866 Frankland anali akuphunzitsa ana ake a sukulu mafomyula a timizere a Alexander Crum Brown wa ku Edinburgh, ndipo ndi iye amene anazoloweretsa liwu lakuti bond, kutanthauza kugwirana kwa atomu ndi inzake, limene tikuligwiritsabe ntchito. Mboni yotere imakupindulira n'kukuonongera nthawi imodzi.

Kekulé analemba yankho lalitali mu 1883, koma mkonzi wa Annalen, Jacob Volhard, anamunyengerera kuti asalitulutse. Linakhala m'kabati mpaka eni mkangano onse atamwalira. Zambiri zimene tikudziwa za mitima ya anthuwa zachokera m'zolembedwa zoterezi, zimene sizinalembedwere anthu onse. Makalata masauzande a Frankland anasungidwa ndi zidzukulu zake mpaka wolemba mbiri ya sayansi Colin Russell anawafufuza, ndipo a Kolbe anawasanthula kwambiri Alan Rocke.

Mamendulo

Royal Society inakhazikitsidwa mu 1660, ndipo mendulo yake yapamwamba, ya Copley, inayamba kuperekedwa mu 1731. Nobel isanabwere, panalibe ulemu wa sayansi woposa umenewu ku Britain. Amene ankasankha anali khonsolo ya bungwelo, kagulu ka mamembala ochepa, ndipo dzina linkafika pathebulo ngati wina walitchula ndi wina walivomereza. Ndiye kuti zimene anthu ankalemberana mseri zinali ndi mphamvu kuposa zimene ankanena pamsonkhano. Frankland sanali mlendo m'zimenezi. Anali mmodzi mwa anthu 9 a kagulu kotchedwa X Club, kamene kanayamba mu 1864, momwe munalinso Thomas Henry Huxley, John Tyndall ndi Joseph Hooker. Ankadyera limodzi mwezi uliwonse misonkhano ya Royal Society isanayambe, ndipo atatu mwa iwo anakhalapo mapulezidenti a bungwelo motsatizana.

Tsono onani mndandanda wa mamendulo. Mu 1857 Frankland analandira Royal Medal, makamaka chifukwa chopatula magulu aja monga ethyl ndi kupanga mankhwala a zitsulo. Mwa mawu ena, mbali ina ya ulemuwo inali ya chinthu chimene pambuyo pake chinapezeka kuti sichinali chimene iye ankaganiza. Mu 1884 mendulo ya Davy inapita kwa Kolbe, amene anamwalira pa 25 November chaka chomwecho, patatsala masiku ochepa kuti mwambo wopereka mamendulo uchitike. Chaka chotsatira, 1885, Copley inapita kwa Kekulé. Mamendulo awiriwa, kwa adani awiri, anaperekedwa pulezidenti ali Huxley, mnzake wa Frankland wa pathebulo limodzi. Frankland mwiniyo anadikira zaka zina 9. Copley yake inabwera mu 1894, patapita zaka 42 chitumizireni pepala lake ku bungwe lomwelo.

Mukawerenga zifukwa zachidule zimene bungwelo linalemba pa mamendulo a Copley awiriwo, liwu lakuti valency simulipeza. Kekulé anapatsidwa chifukwa cha kafukufuku wake pa kemisitiri ya kaboni, Frankland chifukwa cha ntchito zake zazikulu pa kemisitiri ya ziphunzitso ndi yothandiza anthu. Mbali yachiwiriyo inali yoona ndithu, pakuti kwa zaka zambiri iye ndi amene ankayeza madzi akumwa a mumzinda wa London n'kumatulutsa malipoti osasangalatsa makampani a madzi. Mmene ndikuonera, bungwelo linasankha kusaweruza mlanduwo. Aliyense linamupatsa chake, m'mawu otakata oti wina asakwiye. Pa nkhani ina linachita mosiyanako: mu 1882 linagawa mendulo ya Davy pakati pa Dmitri Mendeleev ndi Lothar Meyer, amenenso ankalimbirana kuti anayamba ndani kundandalika maelementi. Pa valency silinayese n'komwe kugawa, ndipo ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti panalibe chinthu chimodzi choti chigawidwe.

Sankakangana za dzina lokha

Pansi pa nsanje ndi kunyada panali kusiyana kwenikweni kwa sayansi. Frankland ankati atomu imodzi ikhoza kukhala ndi valency zingapo: naitirojeni ndi fosiforasi nthawi zina 3, nthawi zina 5. Kekulé ankati ayi, valency ndi khalidwe losasintha la atomu, ngati kulemera kwake. Fosiforasi ndi 3 basi. Nanga PCl5, fosiforasi imodzi ndi makolorini asanu, imene aliyense ankaiona m'botolo? Kekulé ankayankha kuti imeneyo si molekyulu imodzi, ndi PCl3 yomatirana ndi Cl2, ndipo umboni wake unali wakuti ukaitenthetsa imapatukadi n'kukhala ziwirizo. Chimodzimodzi ammonium chloride, imene ankati ndi NH3 yomatirana ndi HCl. Yankholi linali lochenjera, koma linafooka pamene Thomas Edward Thorpe anapanga PF5 chapakati pa zaka za m'ma 1870, mpweya umene fosiforasi yake yagwira mafulorini asanu ndipo supatuka.

Ndiye pa mfundo iyi Frankland anali pafupi ndi choonadi, monga mwana aliyense amene analowezapo ayironi wa 2 ndi wa 3 angachitire umboni. Komabe kuuma mutu kwa Kekulé kunabala zipatso. Chifukwa chokana kuti kaboni ingakhale ndi valency ina kupatula 4, anakakamizika kufotokoza mankhwala otchedwa benzene, C6H6, a makaboni 6 ndi mahaidrojeni 6 okha, mwa njira ina, ndipo mu 1865 anafika pa mkombero wa makaboni 6. Pa ammonium chloride onse awiri anaphonya: naitirojeni yake imagwira mahaidrojeni anayi, ndipo kolorini imakhala padera ngati ayoni, atomu yokhala ndi mphamvu ya magetsi. Zimenezo sakanazidziwa, pakuti elekitironi inatulukiridwa mu 1897, ndipo kufotokoza kwakuti bond ndi maelekitironi awiri ogawana kunabwera ndi Gilbert Lewis wa ku America mu 1916. Ngakhale dzina lenilenilo linabwera mochedwa. Kekulé ankati Atomigkeit, August Wilhelm Hofmann anabweretsa quantivalence mu 1865, ndipo kufupikitsa kwake, Valenz, kunafala kuchokera kwa Hermann Wichelhaus mu 1868.

Mu 1890, pa chikondwerero cha zaka 25 za chiphunzitso cha benzene ku Berlin, Kekulé anasimba nkhani imene mabuku amaikonda. Anati madzulo ena ku London, atakwera pamwamba pa basi yomaliza yokokedwa ndi mahatchi, anayamba kusinza n'kuona maatomu akuvina, aakulu akugwira ang'onoang'ono, mpaka kupanga unyolo, kenako kondakitala anamudzidzimutsa pofuula kuti "Clapham Road". Nkhani yokoma. Koma muonenso ntchito imene ikugwira: ikuika chiyambi cha lingalirolo m'zaka zake za ku London, 1858 isanafike, m'mutu mwa munthu mmodzi, kumene kulibe pepala la wina aliyense.

Kekulé anamwalira mu 1896. Chemical Society ya ku London inali ndi mwambo wokonza nkhani yokumbukira mamembala ake otchuka a kunja, ndipo ya Kekulé anaipereka Francis Japp mu December 1897. Japp anali pakati pa moto uwiri: anaphunzirako kwa Kekulé ku Bonn, kenako anagwira ntchito pansi pa Frankland ku South Kensington, ndipo Frankland, amene anakhalapo pulezidenti wa bungwelo, anali adakali moyo, atangopatsidwa kumene ulemu wa Sir. Japp anaika ulemerero wa Kekulé pamalo osatsutsika, pa benzene, ponena kuti magawo atatu mwa anayi a kemisitiri ya kaboni ya masiku amenewo anachokera ku chiphunzitsocho. Frankland anamwalira patapita zaka ziwiri, mu 1899, ali kutchuthi ku Norway.

Amene anamufukula Couper anali munthu wa kumbali ya Kekulé. Richard Anschütz, wophunzira wake amene pambuyo pake anakhala pampando wake ku Bonn, ankafufuza za salicylic acid, gwero la asipirini. Anapeza kuti zotsatira za munthu wina wotchedwa Couper, zimene akatswiri angapo, Kekulé yemwe ali m'gulumo, analephera kuzibwereza n'kuzikayikira, zinali zolondola. Atawerenga mapepala ena a munthuyo anadabwa kuona mafomyula a timizere a mu 1858. Mabuku ena ankamuyesa Mfalansa chifukwa cha kumene anasindikiza, ndipo panalibe wodziwa kumene anathera. Anschütz analembera Crum Brown ku Edinburgh, amene anafunsafunsa mpaka anapeza achibale ndi anzake akale a Couper. Mbiri ya moyo wake inasindikizidwa ndi Royal Society of Edinburgh mu 1909, patapita zaka 17 chimwalirireni. Mu 1931, pokumbukira zaka 100 chibadwireni, anthu anakhoma chikwangwani panyumba imene anabadwiramo ku Kirkintilloch.